Mwana akapita kukaphunzira za kompyuta ndi bizinesi, mutsegulireni kope

Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa mayina a ana amene asankhidwa kupita kusukulu za ukachenjede za boma, m'misika yathu mumamveka nthungululu. Mayi wa pabenchi la tomato, bambo wa pashedi ya zitsulo, onse amasiya kaye makasitomala n'kuyamba kulandira mafuno abwino. Chimwemwe chikatsika, funso limabwera: kodi mwanayo akukaphunzira chiyani? Akakhala wa udokotala, uphunzitsi kapena zamalamulo, yankho silivuta. Koma pali ana ena amene pambali pa dzina lawo pamalembedwa Management Information Systems kapena Business Information Technology, ndipo kholo likafunsidwa limangoti, "Ndi za makompyuta." Anzake amagwedeza mitu n'kunena kuti zili bwino, azidzatikonzera mafoni.

Sabata ino mitengo ya katundu ndaiika kaye pambali kuti tikambirane za maphunziro amenewa, chifukwa fizi yake ichokera m'thumba la geni, ndipo ena mwa inu mwayamba kale kuganiza zotsitsa sitoko kapena kukatenga ngongole kubanki m'khonde. Munthu asanalipire thumba la nyemba amayamba walimasula n'kupisamo dzanja. Maganizo anga ndi akuti maphunzirowa ndi a malonda, kompyuta ndi chida chabe, ndipo mwana wa wamalonda ali ndi mwayi umene anzake ambiri a m'kalasi alibe. Tsoka lake, mwayiwo umafera m'manja mwa makolo amene amabisa kope la bizinesi ngati chithumwa.

Ku Blantyre, sukulu ya MUBAS, imene ambirife tidazolowera kuitchula kuti Poly mpaka pamene idaima payokha mu 2021, yakhala ikuphunzitsa digiri ya Management Information Systems kwa zaka zambiri. Ku Thyolo, sukulu ya MUST imene idayamba kulandira ophunzira mu 2014 ku Ndata ili ndi digiri ya Business Information Technology. Ku Mzuni ndi ku Zomba kuli maphunziro ofananirako, opendekera kwambiri ku luso la kompyuta lenilenilo, ndipo sukulu ya boma ya NACIT imapereka madipuloma ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Digiri imatenga zaka zinayi. Mayina a makosi amasinthasintha, choncho musakhutire ndi dzina lokha. Muuzeni mwana akuwerengereni mndandanda wa zimene akaphunzire chaka chilichonse, akumasulireni m'chilankhulo chanu.

Akakuwerengerani mudzamva zinthu zimene mukuzidziwa kale, zangovala jekete. Muli kawerengedwe ka ndalama zolowa ndi zotuluka. Muli kasungidwe ka katundu. Muli phunziro lolondola momwe ntchito imayendera pabizinesi, kuyambira pamene katundu watsika m'galimoto mpaka pamene ndalama yalowa m'thumba, n'cholinga choona pamene pakudontha. Mulinso kulemba mapulogalamu a kompyuta, kulumikiza makina ndi kuteteza zolembedwa kwa akuba. Koma mtima wa zonsezi ndi chinthu chimene iwo amachitcha database, chimene ine ndimachitcha nkhokwe ya zolembedwa.

Taganizirani kope lanu la ngongole. Mayi uja wa kuseri kwa tchalitchi adatenga sopo pa 3, dzina lake lili patsamba loyamba. Adatenganso mafuta ophikira pa 11, koma tsikulo paokala padali mwana wanu wamng'ono, ndipo iye adalemba kuti "amake Junior" patsamba lachinayi. Pa 20 mayiyo adabweza theka, inu mudalemba kuchikuto chifukwa mudali ndi makasitomala atatu pawindo. Mwezi ukatha, kuti mudziwe ngongole yake yonse muyenera kusanthula kope lonse, ndipo mukaphonya pamodzi, mkangano wabuka, kasitomala wapita kwa mnzanu wa tsidya la msewu. M'nkhokwe ya zolembedwa kasitomala aliyense amalembedwa kamodzi kokha. Katundu aliyense amalembedwa kamodzi, pamodzi ndi mtengo wooda ndi wogulitsira. Ndiye malonda alionse amangolumikiza munthuyo, katunduyo ndi tsikulo.

Zikakhala choncho mutha kufunsa mafunso amene kope silingayankhe msanga. Ndi anthu angati amene ngongole yawo yadutsa masiku 30, ndipo zonse pamodzi zikukwana ndalama zingati? Ndi katundu uti amene wakhala pashelefu kuyambira chaka chatha? Kodi Loweruka limagulitsadi kuposa Lachisanu, kapena limangokhala ndi anthu ambiri ofunsa mitengo? Munthu amene waphunzira bwino kosi imeneyi ntchito yake ndi yokonza zinthu kuti mafunso oterewa aziyankhidwa mwachangu komanso moona. Mabanki, makampani a mafoni ndi masitolo akuluakulu amalemba anthu otere chifukwa cha zimenezi. Kukonza foni yogwera m'madzi ndi luso lina, laulemu ndithu, koma limaphunziridwa kwina ndipo silifuna zaka zinayi.

Ndipereke chitsanzo cha funso limene amalonda ambiri amaliyankha molakwika. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Mwaoda katoni ya sopo pa K50 000, ndipo ikatha mumapeza K5 000 pamwamba. Mwaodanso seti ya mapoto pa K50 000 yomweyo, ndipo ikagulidwa mumapeza K15 000. Aliyense anena kuti mapoto ndiwo ali ndi phindu. Koma sopo amatha sabata iliyonse, pamene mapoto amakhala miyezi iwiri akudikira mwini ukwati. M'masabata asanu ndi atatuwo K50 000 ya sopo yazungulira kasanu ndi katatu n'kubweretsa K40 000, pamene ya mapoto yabweretsa K15 000 basi. Tsiku logulitsa mapoto ndi limene mumalikumbukira chifukwa ndalama idabwera yambiri kamodzi. Sopo sakumbukika, koma ndiye akulipira lendi. Popanda kulemba tsiku limene katundu walowa ndi limene watha, simungaone zimenezi, ndipo mupitiriza kudzaza shelefu ndi zinthu zokongola zimene zikugoneka mpamba wanu.

Chitsanzo china tonse tidachiona ndi maso. Mu May 2022 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Masiku otsatirawo amalonda ambiri adagulitsa katundu yense pamtengo wakale akusangalala kuti malonda ayenda, n'kukadzidzimuka kuholoselo. Tiyerekeze belo la shuga la mapaketi 20 limene mudaoda pa K40 000. Mwagulitsa paketi pa K2 300, mwapeza K46 000, mumtima mukuti ndapindula K6 000. Mukafika kooda mupeza belo lomwelo lili pa K52 000. Phindu lija mulibe, ndipo mukuperewera K6 000 kuti mungobwezeretsa katundu yemweyo pashelefu. Mtengo wogulitsira umayenera kuyang'ana mtengo umene mukaodere mawa, osangoti umene mudaodera dzulo. Amalonda akale amadziwa zimenezi m'mutu pa katundu awiri kapena atatu. Koma golosale ya mitundu 150 ya katundu mutu sungakwanitse, ndipo apa ndi pamene mwana wodziwa kuika mitengo yonse pamalo amodzi, n'kuisintha yonse m'mphindi zochepa, amapulumutsa mpamba wa banja.

Pali nkhani ya chitaka. Sinditsutsana ndi chikhulupiriro cha munthu, koma ndipemphe chinthu chimodzi. Musanapite kukafuna wokutchinjirizani, lembani kwa masabata awiri chilichonse chotuluka m'kachikwama ka ndalama. Ya ndiwo zakunyumba, ya kabaza, ya chiphaso cha msika, ya wonyamula katundu, ya mayunitsi, ya chipepeso cha maliro a m'dera, ya tiyi ndi mandasi a m'mawa. Lembaninso banyira aliyense amene mwaonjezera pamulu, tomato amene waola, ndi paketi imene mlamu wanu watenga n'kunena kuti tionana. Mukaphatikiza, chitaka chambiri chimapezeka kuti chili ndi mayina, ndipo ena mwa mayinawo ndi a m'nyumba mwanu momwemo. Kusukulu kuja zimenezi zili ndi mayina aatali a Chingerezi, koma nkhani yake ndi yomweyi.

Ena anena kuti makolo athu adachita malonda zaka zonsezi opanda kompyuta, ndipo adamanga nyumba za malata. N'zoona. Koma malonda a makolo athu adali a ndalama yogwirika, yochoka m'manja kulowa m'manja. Lero kasitomala amafunsa ngati angalipire pa Airtel Money kapena pa Mpamba, wina amatumiza kuchokera kubanki, woodetsa wa ku Limbe kapena ku Area 2 amakutumizirani mitengo pa WhatsApp, ndipo dengu la tomato la ku Lizulu mumalilipira musanalione. Ndalama ya tsiku limodzi ili malo atatu kapena anayi, ina m'kachikwama, ina m'foni, ina kwa ejenti, ina m'kope la ngongole. Pochotsa ndalama pafoni pali kamtengo kake, ndipo timitengo timeneti tikaunjikana pamwezi timadya phindu la katoni yathunthu. Amene saphatikiza malo onsewa madzulo aliwonse sadziwa ngati tsikulo wapindula kapena wangotopa.

Akuba nawo adasamukira pafoni. Uthenga wabodza wooneka ngati ndalama yalowa, munthu woimba foni kuti watumiza molakwitsa mumubwezere, wina wodzitcha wa kukampani ya mafoni wofuna nambala yanu yachinsinsi. Onsewa amasaka munthu wotanganidwa, ndipo palibe wotanganidwa kuposa wamalonda tsiku la msika. Chitetezo cha zolembedwa ndi ndalama za pafoni ndi gawo la maphunziro amenewa. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 lokhudza malonda a pa intaneti ndi umbanda wa pamakina, komanso la mu 2024 loteteza mbiri za anthu, ndipo lachiwirili likukhudza aliyense wosunga mayina ndi manambala a makasitomala ochuluka. Si zinthu zoti muziloweza inu, koma ndi bwino panyumba pakhale wina wozimvetsa.

Ndiye pali a MRA. Mu 2014 amalonda olembetsa msonkho wa VAT adayamba kugwiritsa ntchito timakina totulutsa malisiti totchedwa EFD. Tsopano bungweli labweretsa njira ina yotchedwa EIS, imene imatumiza lisiti lililonse kumakina awo komanso imalondola katundu amene ali m'sitoko, ndipo nkhaniyi yautsa mapiri pachigwa pakati pa amalonda ndi boma. Za ubwino kapena kuipa kwake tidzakambirana tsiku lina. Wa pabenchi la masamba angaganize kuti sizikumukhudza, koma amene amamuodetsa mafuta, sopo ndi shuga zikumukhudza, ndipo aliyense amene akulota zokhala ndi shopu yaikulu adzakumana nazo. Kumene zinthu zikulowera n'koonekeratu. Boma likufuna zolembedwa, banki ikafuna kukubwerekani imafunsa zolembedwa, ngakhale sukulu kapena chipatala chimene mukufuna kuti muzikaperekako nyemba chimafuna invoisi. Wamalonda wopanda zolembedwa amatsalira kwa akatapila, amene safunsa pepala lililonse koma amatenga chikopa.

Tsopano mbali yowawa, chifukwa sindikugulitsa malo a sukulu. Digiri imeneyi si chiphaso cha ntchito. Mabanki ndi makampani a mafoni m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo chaka chilichonse sukulu zikutulutsa ana ambiri kuposa mipando imene ilipo. Nonse mukudziwa achinyamata a madigiri amene akugulitsa kaunjika pafupi nanu kapena akhala pansi pa ambulera ya ejenti. Ngati mukutumiza mwana ndi chiyembekezo choti pakatha zaka zinayi adzakutulutsani mumsika pagalimoto ya kampani, konzekerani kuti mwina sizidzatero, kapena zidzachedwa. Ndipo ndalama zake si fizi yokha. Pali malo ogona, chakudya, thiransipoti, bandulo ya intaneti, ndi laputopu, imene pakosi imeneyi ndi khasu lenileni. Mwana wopanda laputopu amadalira kubwereka kwa anzake usiku, ndipo luso lolemba mapulogalamu sililowa mwa kungoonera.

Pa nkhani ya fizi ndili ndi lamulo limodzi limene sindisuntha nalo: fizi ichoke paphindu, isachoke pampamba. Kholo limene lagulitsa sitoko yonse kuti lilipire chaka choyamba lapha nkhuku imene ikadaikira mazira a zaka zitatu zotsalazo. Chaka chachiwiri chikamafika geni yagwa, mwana wabwerera kunyumba, ndipo banja latsala lopanda digiri komanso lopanda benchi. Bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede lidakhazikitsidwa mu 2015, ndipo mwana wa wamalonda wamng'ono ndi mmodzi mwa amene lidapangidwira. Afunsire nthawi yake isanathe, mapepala onse ali m'manja, podziwa kuti ndi ngongole ndipo adzabweza. Ngati malo a digiri sadapezeke, dipuloma si chamanyazi. Kwa bizinesi ya banja, mwana wa dipuloma amene amagwiradi ntchito ndi manambala ndi waphindu kuposa wa digiri amene adaloweza zolemba kuti akhoze mayeso.

Chenjeraninso ndi timasukulu tongophuka pamwamba pa mashopu, tokhala ndi chikwangwani chachikulu cholembedwa mawu a kompyuta ndi bizinesi. Tina ndi tabwino, tina timaphunzitsa kutaipa kalata kwa miyezi isanu ndi umodzi n'kupereka pepala limene palibe wolemba ntchito angaliyang'ane kawiri. A NCHE amatulutsa mndandanda wa sukulu ndi makosi ovomerezeka, ndipo maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi TEVETA. Onani kuti kosi yeniyeniyo ili pamndandanda, chifukwa sukulu itha kukhala yovomerezeka pamene kosi ina mkati mwake siinavomerezedwe. Safunsa adadya phula. Funsaninso kuti makompyuta alipo angati ndipo ophunzira ndi angati, ndipo mukaone nokha ngati akuyaka.

Ndibwerere ku mwayi uja ndidanena poyamba. M'kalasi la kosi imeneyi ana ambiri amaphunzira za sitoko asanagwirepo sitoko, amajambula njira ya malonda papepala asanakanganepo ndi kasitomala pa chenji. Zitsanzo za m'mabuku awo zambiri ndi za makampani akunja. Mwana wanu wakulira pabenchi. Amadziwa kuti usipa umatsika mtengo ukachuluka kunyanja, kuti mbatatesi ya ku Tsangano ili ndi nyengo yake, kuti belo la kaunjika limagawidwa zovala zoyamba, zapakati ndi zotsala, ndipo phindu lonse limabisala m'zoyambazo. Amadziwa kuti kasitomala wa pa 28 ndi wosiyana ndi wa pa 15. Zimenezi palibe mphunzitsi angamupatse. Chimene akusowa ndi manambala enieni oti ayeserepo zimene akuphunzira, ndipo manambalawo ali kwa inu.

Apa ndi pamene makolo ambiri amakhoma chitseko. Zifukwa zake ndikuzimvetsa. Bambo safuna kuti mayi adziwe ndalama zonse zimene zimalowa, kapena mayi safuna kuti bambo adziwe. Mwana akadziwa phindu ayamba kupempha foni yodula. Achibale akamva, mavuto awo onse abwera pakhomo panu. Ena amaopa kuti chilichonse cholowa mukompyuta chimafika kwa a msonkho, zimene si zoona pa kompyuta ya panyumba panu. Ndipo ena, tinene chilungamo, amaopa kuti manambala aonetsa kuti geni imene akhala akuinyadira zaka khumi ikungozungulira pamodzi. Mantha onsewa ndi a umunthu. Koma kulipira zaka zinayi kuti mwana aphunzire kuwerenga bizinesi, kenako n'kumuletsa kuwerenga yanu, kuli ngati kugula sikelo n'kumapitiriza kuyeza ndi maso.

Simukuyenera kutsegula zonse tsiku limodzi. Patchuthi choyamba mupatseni mtundu umodzi wa katundu, kaya ndi mafuta ophikira, kaya ndi belo limodzi la kaunjika. Alembe mtengo wooda, thiransipoti, wonyamula, chiphaso, chilichonse chogulitsidwa ndi tsiku lake, ndi chilichonse chowonongeka kapena chotengedwa. Likatha belolo akuuzeni phindu lenileni ndi masiku amene ndalama yanu idagona. Inu muyerekeze ndi zimene mudali kuganiza m'mutu. Zikasiyana, musakalipe, fufuzani limodzi kuti wolakwa ndani, chifukwa nthawi zina wolakwa amakhala iyeyo. Patchuthi chachiwiri mupatseni kope la ngongole alisanje. Pofika chaka chachinayi ophunzirawa amayenera kupanga pulojekiti yawoyawo yomalizira, ndipo palibe choletsa kuti pulojekitiyo ikhale ya shopu yanu kapena ya gulu lanu la banki m'khonde.

Mwanayo naye ali ndi malire ake, ndipo muwanene poyera. Ana a sukulu amakonda kuyamba ndi kugula. Akangobwera mudzamva kuti pakufunika kompyuta ya pakauntala, kamakina kowerenga timizere ta papaketi, pulinta ya malisiti ndi pulogalamu yolipira mwezi ndi mwezi. Mukanize. Ngati sangathe kukuonetsani phindu lanu pogwiritsa ntchito kope, cholembera ndi pulogalamu ya Excel kapena ina yonga iyo ya pafoni, makina odula sangamuthandize. Kompyuta ili ngati chigayo. Mukathira chimanga chofumbwa, ufa wake utuluka wofumbwa, ungotuluka msanga. Wophunzira wabwino wa kosi imeneyi amayamba wakhala pabenchi masiku angapo akungoyang'ana ndi kufunsa, ndipo makina amabwera pomaliza, ngati akufunika n'komwe.

Kope la pepala musalitaye. Magetsi amazima, netiweki imathawa, foni imabedwa m'minibasi, laputopu imafa tsiku limene mukuifuna kwambiri. Zolembedwa zikhale malo awiri nthawi zonse, ndipo inu mwini muzitha kuziwerenga popanda mwanayo, chifukwa tchuthi chikatha abwerera kusukulu, ndipo tsiku lina adzakwatira kapena kukwatiwa n'kusamukira kwina. Njira imene imagwira ntchito pokhapokha iye alipo ndi msampha. Nambala yachinsinsi ya foni ya bizinesi ikhale yanu nokha. Wolemba manambala asakhale yemweyo wosunga ndalama, ndipo zimenezi si kukayikira mwana wanu ayi. Ndi lamulo limene iye mwini akaliphunzira m'kalasi, limene ngakhale kubanki amalitsata. Akakhumudwa nalo, muuzeni akafunse aphunzitsi ake.

Ndili ndi mawu kwa a sukulu za ukachenjede, ngati alipo amene amawerenga tsamba la mitengo ya nyemba. Ophunzira anu akamapita kukayeserera ntchito, ambiri amathamangira kumabanki, kumakampani ndi kumaofesi a boma, kumene ena amatha miyezi akulumikiza mapulinta. Pamene malonda ambiri a dziko lino akuchitikira ku Limbe, ku Tsoka, ku Mgona, ku Zigwagwa, ku Jenda ndi m'misika ya m'maboma, kumene kulibe wolemba chilichonse. Mapulogalamu ambiri a zamalonda amene amapezeka pafoni ndi a Chingerezi, amafuna foni yaikulu ndi bandulo, ndipo amayeza katundu ndi makilogalamu ndi mapaketi. Ife timagulitsa ndi mulu, chigoba, ndowa, dengu ndi mbale, ndipo ndowa yosendereza ndi yosiyana ndi yodzaza mpaka kusefukira. Mtengo umasintha pakati pa m'mawa ndi madzulo, umasinthanso malinga ndi nkhope ya wogula. Ambiri mwa amayi a m'misika ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo adaphunzira okha kutumiza ndalama ndi *211# kapena *444# chifukwa njirayo ndi yachidule. Wophunzira amene angapange njira yachidule chomwecho yolembera malonda ndi ngongole, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, yomvetsa mulu ndi banyira, adzakhala wapanga chinthu chimene kampani yakunja singabwere kudzatipangira.

Makomiti a misika nawo asamangodikira. Palibe chovuta kuti komiti ilembe kalata kusukulu yapafupi kupempha ophunzira awiri kapena atatu kuti adzathandize kusanja kaundula wa mabenchi, ndalama za chitetezo ndi ukhondo, kapena mitengo ya tsiku ndi tsiku ya katundu wofunika. Mikangano yambiri ya m'makomiti ndi ya ndalama zimene zidatoleredwa koma palibe amene akudziwa kuti zidali zingati. Ndipo msika umene ungasunge mitengo yake ya chimanga, nyemba ndi tomato kwa zaka ziwiri kapena zitatu ungathe kuuza mamembala ake mwezi woyenera kugula ndi woyenera kugulitsa, m'malo modalira mphekesera za madalaivala a malole. Komiti igwirizane ndi ophunzirawo poyamba kuti zolembedwazo ndi za msika, ndipo zitsala kumsika iwo akamachoka.

Kwa inu amene ana anu akadali kusekondale ndipo mukuganizira njira imeneyi, yang'anani masamu. Kuti munthu alowe sukulu ya ukachenjede ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo makosi a kompyuta amafuna masamu abwino. Mwana amene amakonda kukhala pafoni tsiku lonse sizitanthauza kuti ndi wa kosi imeneyi. Yang'anani uja amene mukamutuma kooda amabwera ndi chenji chokwanira n'kukuuzani kuti shopu ina inali yotsika ndi K200, uja amene amafunsa chifukwa chake mumagulitsa mulu pamtengo umenewo. Ameneyo, mtsikana kapena mnyamata, muyambe kumupatsa cholembera madzulo aliwonse aziphatikiza za tsikulo inu mukuwerenga ndalama.

Mitengo ya mpunga, nyemba ndi mtedza tibwerera nayo sabata yamawa.